Kodi Mumadziwa? Chilumba cha Chisi N'chitsa cha Phiri la Moto

Ku Zambia kulibe nyanja yamchere, komanso kulibe phiri limene linafukapo utsi anthu akuona. N'chifukwa chake mphunzitsi wophunzira ntchito pa Chalimbana akafika pa mutu wa mapiri ophulika, amajambula pa bolodi phiri la kutsidya kwa nyanja, ana n'kumakopera ngati nthano ya kwa eni. Komatu moto wa pansi pa nthaka unadutsa kuno kwathu, ndipo pamene unadutsapo pakuonekabe mpaka lero. Tiyambira pa chilumba china cha ku Malawi, tidzere ku Rufunsa, tikathere ku zilumba kumene motowo sunazime.

PA CHISI

Kodi mumadziwa kuti pa nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, pali chilumba chimene chinabadwa ndi moto? Dzina lake ndi Chisi. Munthu akaima pa doko la Kachulu amangoona mapiri otumphuka m'madzi, milambe ndi midzi ili m'munsi mwake. Koma akatswiri a miyala amati pamenepa m'pamene chiphalaphala chinkakwerera kuchokera pansi pa dziko. Mutu wa phirilo unatha kalekale ndi mvula ndi mphepo. Chimene chatsala n'chitsa chake.

Kodi mumadziwa kuti moto wa pa Chisi unazima zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo? Nthawi imeneyo nyanja ya Chilwa kunalibe, nyanja ya Malawi kunalibe, munthunso kunalibe. Dziko linali la zinyama zikuluzikulu zija zotchedwa madainoso. Mafupa a chimodzi mwa izo anapezeka ku Karonga, ndipo chinapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus dixeyi polemekeza Frank Dixey, amene anali mkulu woona za miyala mu Nyasaland. Dzina la Dixey mulisunge, likubweranso.

Kodi mumadziwa kuti mwala wa pa Chisi unasokoneza mitu ya akatswiri? Mwala wa laimu, monga umene amapangira simenti ku Chilanga, umapangika pansi pa madzi: matope ndi zotsalira za tizamoyo zimaunjikana kwa zaka zosawerengeka mpaka kulimba. Tsono Dixey ndi anzake awiri, W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, atafufuza mapiri a kummwera kwa Nyasaland, analemba mu 1937 kuti laimu wa kumeneko sanapangike m'madzi ayi, anachita kutuluka pansi ali wosungunuka. Ambiri anakana, amvekere laimu sasungunuka chotero. Lero mwalawo umatchedwa kabonataiti, ndipo mu Africa muno unayamba kuzindikirika m'dera la Chilwa lomweli.

Kodi mumadziwa kuti miyala ya pachilumbachi inakhala m'mizere yozungulira? Kunja kuli miyala yakale yoswekasweka, imene moto unaiphwanya pokwera. Ukalowa mkati umapeza laimu wotuwa, amene amachita thovu ukamudonthezera asidi. Ukapitirira, mwalawo umayamba kufiirira. Pakatikati penipeni ndi woderapo kwambiri chifukwa cha chitsulo ndi manganizi. Mzere uliwonse ndi chiphalaphala cha nthawi yake, ndipo cha pakati ndicho chinamalizira kukwera.

Kodi mumadziwa kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi? Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani yonse imathira mmenemo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake ali ndi kamchere. Nyanjayi ndi yosazamanso: m'malo ambiri siipitirira mamita 3, moti oyendetsa mabwato amangokankha pansi ndi nsungwi yaitali.

Kodi mumadziwa kuti zaka zina Chisi chimasiya kukhala chilumba? Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Zinachitika mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope ouma pa Kachulu. Nsomba zimathawira m'madambo ndi m'maiwe a m'mitsinje. Koma paja madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa bwino nyanja imabwerera, matemba, makumba ndi milamba n'kuswananso. M'zaka zabwino, pa nsomba 5 zilizonse zogwidwa m'Malawi, pafupifupi imodzi imachokera pa Chilwa.

Kodi mumadziwa kuti asodzi ena a pa Chilwa amamanga nyumba pamadzi? Nyumbazo amazitcha zimbowera. Amadula njedza, udzu wautali wa m'madambo a nyanjayo, n'kuunjika mpaka pakhale pouma poti munthu n'kuponda, pamwamba n'kuikapo kachisakasa. Mmenemo amagona, amaphika, amawamba nsomba, ena mpaka kugulitsiramo tiyi. Msodzi amatha milungu kapena miyezi asanaponde kumtunda. Vuto lake n'lakuti madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi n'chomwecho, ndipo kolera ikabuka imayamba ndi iwo.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone anafika pa nyanjayi mu April 1859, miyezi ingapo asanaone nyanja ya Malawi? Iye anailemba kuti Shirwa. Mu 1997 Chilwa inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Kumakhala mitundu yoposa 150 ya mbalame, ndipo zina zimabwera chaka ndi chaka kuthawa chisanu cha ku Ulaya ndi ku Asia.

KUNO KWATHU

Kodi mumadziwa kuti abale ake a Chisi ali kuno ku Zambia, kum'mawa kwa Chongwe? M'chigwa cha mtsinje wa Rufunsa muli malo 4 a kabonataiti: Kaluwe, Nachomba, Mwambuto ndi Chasweta. Katswiri wina, D. K. Bailey, anawafotokoza mu 1960, dera la Luangwa likadali kutchedwa Feira. Pa Mwambuto ndi pa Chasweta anapeza miyala yosonyeza kuti moto unafika mpaka kunja n'kuphulika, phulusa ndi zibenthu za miyala n'kugwera m'mbali. Zaka zake ndi pafupifupi 100 miliyoni. Choncho wokwera basi ya ku Chipata pa Great East Road amadutsa kufupi ndi mapiri a moto osadziwa.

Kodi mumadziwa kuti madzi otentha a pa Chinyunyu sakutenthedwa ndi phiri lophulika? Ambiri akaona nthunzi ikufuka m'mbali mwa msewu, makilomita osafika 100 kuchokera mu Lusaka, amati pansipo pali moto woti tsiku lina udzaphulika. Mtima m'malo. Chimene chimachitika n'chakuti madzi a mvula amalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kutsika kutali. Pansi pa dziko kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene watsika. Madziwo akatentha amapeza mng'alu wina n'kukwera msanga asanazizire. Akasupe otere m'Zambia alipo oposa 80.

Kodi mumadziwa kuti ming'alu imeneyi ndi yomwe inapanga chigwa cha Luangwa? Nthaka ya kum'mawa kwa Africa yakhala ikukokeka uku ndi uku, pena n'kumatitimira. M'maenje aakulu otitimirawo ndi mmene munakhala nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Kukokekako sikunathe. Zivomezi zimene zinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009 ndi umboni wake.

KWA ANANSI

Kodi mumadziwa kuti phiri la Mulanje silinaphulikepo? Ndi la m'badwo umodzi ndi Chisi, koma chiphalaphala chake chinakanirira pansi, n'kuzizira pang'onopang'ono mpaka kusanduka thanthwe lolimba zedi. Nthaka yofewa yozungulira itakokoloka, thanthwelo linatsala poyera. Nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Phiri la Zomba nalonso linabadwa chimodzimodzi.

Kodi mumadziwa kuti mapiri a moto osazimiratu oyandikira kwambiri Malawi ndi Zambia ali kumpoto kwa nyanja ya Malawi? Ali m'dziko la Tanzania, pakati pa Mbeya ndi Tukuyu: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Kyejo linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800, dzana lomweli tikayerekeza ndi zaka za Chisi. Pamwamba pa Ngozi pali nyanja yodzaza dzenje limene linatsala phiri litaphulika. Nthochi, tiyi ndi mbatatesi za ku Tukuyu zimakondwa chifukwa cha phulusa lakalelo.

Kodi mumadziwa kuti pa dziko lonse pali phiri limodzi lokha limene likutulutsabe kabonataiti? Ndi Ol Doinyo Lengai, kumpoto kwa Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Natron, limene Amasai amalilemekeza kuti ndi la Mulungu. Chiphalaphala cha mapiri ena chimatentha madigiri oposa 1,000, koma cha Lengai chimathera pa 500 kapena 600. Masana sichiyaka mofiira. Chimatuluka chili bii, chamadzimadzi, ndipo chikakumana ndi chinyezi chimayera pa masiku owerengeka, moti woona ali patali amayesa chipale. Phirili ndilo linatseka pakamwa amene ankatsutsa kuti laimu angatuluke pansi ali wosungunuka.

KUMENE MOTO SUNAZIME

Kodi mumadziwa kuti pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali likulu la dziko limene linamangidwa m'munsi mwa phiri lophulika? Mzindawo ndi Moroni, likulu la Comoros, pa chilumba cha Ngazidja. Phirilo ndi Karthala, lotalika mamita 2,361, ndipo dzenje la pamwamba pake ndi makilomita pafupifupi 3 uku, 4 uku. Laphulika maulendo oposa 20 kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Mu 1977 chiphalaphala chinatsika n'kuwononga nyumba m'mudzi wa Singani chisanakagwere m'nyanja. Anthu amenewa si alendo kwa ife: Comoros ili m'bungwe la COMESA, limene likulu lake lili pa Ben Bella Road mu Lusaka.

Kodi mumadziwa kuti pa Ngazidja mvula imagwa yambiri koma palibe mtsinje woyenda chaka chonse? Mwala wa chiphalaphala uli ndi timabowo, ndiye madzi akangogwa amalowerera pansi. Mabanja ambiri amakolola madzi a padenga n'kusunga m'mathanki a simenti. Mu 2005 Karthala linaphulika kawiri, mu April ndi mu November. Anthu masauzande anathawa m'midzi, koma tsoka lalikulu linali phulusa limene linagwera m'mathankimo. Moto sunafike pakhomo, koma madzi akumwa anasanduka matope, moti anachita kuwabweretsera ena pa magalimoto.

Kodi mumadziwa kuti phulusa lomwelo ndilo limawadyetsa? Likawolerana ndi mvula limasanduka dothi lachonde. Comoros ndi limodzi mwa mayiko otsogola pa ulimi wa ylang-ylang, duwa lachikasu limene mafuta ake amapangira perefyumu wodula ku France. Amalimanso vanila ndi kalafuu. M'nkhalango ya pamwamba pa Karthala muli kadzidzi wamng'ono amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Kodi mumadziwa kuti m'mapanga a chiphalaphala a pansi pa nyanja ya ku Comoros mumabisala nsomba imene akatswiri ankati inatha pamodzi ndi madainoso? Nsombayo ndi coelacanth. Yoyamba inakodwa mu ukonde ku East London, South Africa, mu 1938, ndipo yachiwiri inagwidwa ku Comoros mu 1952. Asodzi a kumeneko ankaidziwa kale, ankangoti ndi nsomba yamafuta yosakoma. Lero timu ya mpira ya dzikolo imatchedwa ndi dzina la nsombayi, ndipo ndi yomwe inathambitsa Ghana 3-2 pa mpikisano wa Africa ku Cameroon mu January 2022.

Kodi mumadziwa kuti pa chilumba cha Réunion pali phiri limene nthawi zina limaphulika kangapo pa chaka chimodzi? Ndi Piton de la Fournaise, lotalika mamita 2,632. Chiphalaphala chake chimadula msewu wa m'mbali mwa nyanja, chikazizira boma n'kulambulanso msewu pamwamba pake. Mu 1977 chinalowa m'mudzi wa Piton Sainte-Rose n'kukafika pakhomo pa tchalitchi, koma nyumbayo sinagwe, ndipo anthu akupempheramobe. Mu April 2007 pansi pa dzenje la pamwamba pa phirili panatitimira mamita oposa 300 pa masiku ochepa.

Kodi mumadziwa kuti mvula yochuluka kwambiri imene inayezedwapo pa tsiku limodzi inagwa pa chilumba chomwechi? Pamalo otchedwa Foc-Foc panagwa mamilimita 1,825 pa maola 24 mu January 1966. Ku Lusaka ndi ku Chongwe kumagwa mamilimita pafupifupi 800 pa chaka. Ndiye kuti mvula yathu ya zaka ziwiri, ndi ina yapamwamba, inakhuthuka tsiku limodzi. Chochititsa ndi mapiri: mphepo yachinyezi ya namondwe ikagunda phiri imakwera, n'kuzizira, n'kutaya madzi onse pamalo amodzi. Nsonga yaitali ya Réunion, Piton des Neiges, ndi mamita 3,070, kuposa Sapitwa. M'chigwa cha Mafate, kuseri kwake, muli midzi yopanda msewu: kumeneko n'kwa wapansi kapena helikopita.

Kodi mumadziwa kuti phiri latsopano labadwa ife tikuona? Mu May 2018 chilumba cha Mayotte, choyandikana ndi Comoros, chinayamba kugwedezeka pafupifupi tsiku ndi tsiku. Chaka chotsatira, sitima ya akatswiri a ku France inapeza phiri lotalika mamita pafupifupi 800 pansi pa nyanja, makilomita 50 kum'mawa kwa chilumbacho, pamalo pamene kale panalibe kanthu. Analitcha Fani Maoré. Chiphalaphala chitachoka pansi pa Mayotte kukamanga phirilo, chilumbacho chinatitimira masentimita oposa 10 ndi kusendera chakum'mawa.

Kodi mumadziwa kuti kuphulika kwa phiri kunamvekapo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800? Pa 27 August 1883 Krakatoa, ku Indonesia, linaphulika, ndipo pa chilumba cha Rodrigues, cha ku Mauritius, anthu anayesa mizinga ya sitima. Ku Indonesia komweko anthu oposa 36,000 anafa, ambiri mwa iwo ndi mafunde amene anakwera kumtunda. Ku Martinique nako, pa 8 May 1902, mtambo wotentha wochokera pa Mont Pelée unapsereza mzinda wa Saint-Pierre ndi anthu pafupifupi 28,000. Mmodzi mwa ochepa amene anapulumuka anali mkaidi, Cyparis, amene anatetezedwa ndi makoma ochindikala a chitokosi.

CHIMENE MOTO UNASIYA

Kodi mumadziwa kuti mapiri ozima a ku Malawi tsopano akusowetsa tulo makampani a kunja? Kabonataiti amasunga miyala yosowa yotchedwa rare earths, imene amapangira maginito amphamvu a m'magalimoto oyendera magetsi, m'makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndi m'mafoni. Phiri la Kangankunde ku Balaka lili m'manja mwa kampani ya Lindian Resources ya ku Australia. Phiri la Songwe ku Phalombe, kummwera kwa nyanja ya Chilwa, lili ndi Mkango Resources, imene inasainirana pangano la mgodi ndi boma la Malawi mu 2024. Mapiri onse awiriwa ndi abale a Chisi.

Kodi mumadziwa kuti pa Chisi ndi pa Kaluwe pali niobium? Chimenechi n'chitsulo chimene akathira pang'ono chabe m'chitsulo chinzake chimalimba kwambiri koma osalemera, n'chifukwa chake chimafunika pa milatho ndi mapaipi a mafuta. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a niobium wa dziko lonse amachokera ku Brazil, makamaka ku Araxá, ndipo kumenekonso amamukumba pa kabonataiti.

Kodi mumadziwa tanthauzo la manambala a pathumba la D Compound? Mukalowa m'sitolo ya zaulimi pa Chongwe, tembenuzani thumbalo muwerenge: 10-20-10. Nambala yoyamba ndi nayitrojeni wobiriwitsa masamba, yomaliza ndi potashi, ndipo 20 wa pakatiyo ndi fosifeti, amene amalimbitsa mizu ya chimanga chikangomera. Fosifeti sapangidwa kuchokera ku mpweya monga yureya. Amachita kukumbidwa, ndipo ena mwa malo amene amapezeka ndi mapiri a moto ozimawa. Ku Zimbabwe akhala akumukumba pa Dorowa kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ku South Africa amamukumba pa Phalaborwa. Ku Malawi ali pa Tundulu, ku Phalombe. Kuno ku Zambia ali pa phiri la Nkombwa ku Isoka ndi pa Kaluwe m'chigwa cha Rufunsa, koma fosifeti wambiri wa m'matumba amene timagula amachokerabe kunja, ndipo mtengo wake umakwera dola ikakwera. Timakonda kunena kuti chuma chili m'nthaka. Tsono aphungu akadzabwera kudzapempha mavoti, pamodzi ndi za misewu ndi mijigo mudzawafunsenso kuti: kodi mwala wa ku Nkombwa ndi wa ku Kaluwe udzalowa liti m'thumba la feteleza?